Ba Elesi ku Mabwinja a ku Kupro

Mu Kalingalinga, komboni ina ya mu Lusaka, kuseri kwa msewu umene akalipentala amayalamo mabedi ndi makabati, muli kanyumba ka mabuloko kosapaka penti, koma pakhonde pake simungatolepo ngakhale kachitsotso. M'menemo ndi mwa ba Elesi Kamwendo. Anthu a m'dera limenelo amawadziwa ndi zinthu ziwiri: nseru yawo, ndi ulendo wawo wa kunja umene safuna kuukamba.

Anabadwira momwemo. Bambo awo, ba Dyton, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata akuti akupita ku migodi, koma atafika mu Lusaka anapeza ntchito yopala matabwa, ulendo n'kuthera pomwepo. Elesi anakula akusesa utuchi. Sukulu analekezera giredi seveni, anakwatiwa ndi Whyson wowotcherera mageti, ndipo Whyson atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Tiwo. Posapita nthawi ba Dyton anagwidwa sitiroko. Anagona pamphasa zaka zingapo, ndipo amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwachapira zofunda anali Elesi yemweyo.

Apa ndi pamene anthu ankadabwa. Ba Elesi ndi munthu woti akaona wophika ali ndi zikhadabo zazitali, pamaliro amenewo sadya. Akaona ntchentche yatera pakamwa pa kapu, tiyi amakhuthula. Koma za wodwala, kaya masanzi kaya zilonda, amazigwira nkhope ili gwa, osakwinya mphuno. Iwo ankati, “Wodwala sachita dala. Chonyansa ni chamene munthu achita dala.”

Ntchito anaipeza ku Kabulonga, ulendo wapansi m'mawa uliwonse, kunyumba ya mzungu wina wokalamba dzina lake Stavros. Mkuluyu anachokera ku chilumba cha Kupro akali wosakwatira, n'kudzatsegula bekari mu Lusaka. Sanali munthu wofewa ayi. Aliyense ankamuitana kuti “iwe”, ndipo Chinyanja chake chinali cha mu bekari, chodzaza ndi zotukwana. Ba Elesi anayamba ndi kuchapa ndi kusita. Mkazi wa mkuluyo atamwalira, naye sitiroko itamupha dzanja ndi mwendo, ntchito yawo inasanduka yomusamala. Ankamumeta ndevu, kumumwetsa phala ndi supuni, kumunyamula kuchoka pabedi kupita pampando wamatayala. Iye ankawatukwana, iwo ankamubwezera, tsiku n'kutha.

M'nyumba yomweyo munkakhala mwana wake, Kostas, wobadwira mu Lusaka ndipo Chinyanja ankachilankhula ngati kondakitala wa minibasi. Mkazi wa Kostas, amene antchito ankangoti madamu, sankalowa m'chipinda cha apongozi ake. Ankaima pakhomo, kupopera mankhwala onunkhiritsa m'mwamba, n'kubwerera.

Tsiku lina Kostas anawaitana pakhonde.

“Ba Elesi, badala bafuna kuona kwawo bakalibe kufa. Mu ndeke sitingabakwanise tekha. Muzayenda na ise. Vya pasipoti nizakonza.”

Nkhani itafika ku Chigwirizano cha amayi Lachinayi, kunali nthungululu. Ba Mainess, mnzawo wa pamtima, anatsegula buku la Machitidwe n'kuwerenga za Paulo ndi Barnaba atakocheza ku Kupro, n'kudutsa chilumba chonse mpaka ku Pafo.

“Imwe ba Elesi, muyenda mu Baibo!” anatero ba Mainess. Anawapatsa kabotolo kapulasitiki kotsuka bwino. “Mukatitapileko dothi pamene anaponda Paulo.”

Ba Elesi anasoketsa diresi latsopano, nagula nsapato zofewa. Mumtima ankaona dziko la anthu ovala mikanjo yaitali, oyenda mofatsa.

Zimene anapeza ku Kupro zinayamba kuwanyansa tsiku loyamba lomwe. Anafikira m'nyumba ya lendi pafupi ndi nyanja. Amphaka anali paliponse, pamipando, pamakoma, ngakhale pamatebulo a malo odyera, ndipo anthu ankawasisita n'kubwezera dzanja lomwelo m'mbale. Madzulo Kostas anaitanitsa chinyama cha m'nyanja cha miyendo yambiri yokhala ndi timabowo, chowotcha, miyendo itapindika ngati ikufuna kuthawa m'mbalemo. Madamu anayamwa nkhono m'zigoba zake. Ba Elesi anapempha buledi ndi tiyi, ndipo ndi zimene anadya masiku onse a kumeneko. Kugombe nako sankayang'anako. Azimayi amsinkhu wa amayi awo ankagona pamchenga atavala timansanza tosakwana n'kupukutira mbale komwe, khungu litafiira ngati nkhumba yowawula, adzukulu awo akusewera pambali pomwepo.

Koma mkulu Stavros anasintha. Ankanunkhiza mpweya, maso ali ngwee. Ankatchula mayina a mitengo m'chinenero chake. Chimene ankapempha tsiku ndi tsiku chinali chimodzi, kuti amutengere ku mabwinja a m'mbali mwa nyanja, kumene ankadyetsa mbuzi za amayi ake ali mwana.

Tsiku la ulendowo ba Elesi anamumeta bwinobwino, namuveka jekete lake labwino ngakhale kunkatentha, chifukwa iye anaumirira. Kabotolo ka ba Mainess anakaika m'chikwama pamodzi ndi matewera, sopo ndi chitenje.

Pachipata panali mzere wa anthu, mabasi akuluakulu akutsitsa ena. Atalowa, ba Elesi anaima n'kuyang'ana uku ndi uku, kufunafuna chimene anthu onsewa anabwerera. Anaona chigwa cha miyala yotuwa chotsetserekera kunyanja. Makoma ofika m'mawondo. Mizati yothyoka, ina itagona m'maudzu ouma. Zinali ngati mapuloti a ku Chalala mu Lusaka amene eni ake anayamba kumanga n'kulephera.

“Ba Kostas, ni pamene apa?”

“Ni pamene apa. Mzinda uyu unali ukulu maningi kudala.”

“Nanga chalichi ya Paulo?”

“Iyo ili kwina. Tizaona ngati nthawi izapezeka.”

Anakankha mpando wamatayala panjira ya miyala, matayala akukodwa, thukuta likuyenderera kumsana. Malo oyamba amene anafika anali ndi denga lalikulu latsopano, lomangidwa mwaluso, lotchinga pansi pa nyumba imene inagwa kalekale. Pansipo panali zithunzi zopangidwa ndi timiyala tating'onoting'ono tamitundumitundu, atazungulizapo chingwe. Ba Elesi anasuzumira n'kubweza nkhope msanga. Anali amuna ndi akazi amaliseche, wina atanyamula chikho cha mowa, wina akuthamangitsa mtsikana. Mzimayi wina anali atanyamula mwana wake m'mwamba kuti aone bwino.

Zimenezo akanazipirira. Chimene sanathe kuchipirira chinali manda. Anali osemedwa m'thanthwe, otsikira pansi ndi masitepe, okhala ndi zipinda ndi mizati ngati nyumba. Mpando sukanatsika, choncho ba Elesi anasiya mkulu uja pamwamba ndi Kostas, natsika okha pang'ono. Munkanunkha mkodzo. Pakona panali zotsalira za ndudu ndi mabotolo. M'makoma munali mapanga aatali, aliwonse a msinkhu wa munthu wogona, onse opanda kanthu. Ali chiyang'anire, mnyamata wina wa kabudula anakwera m'phanga limodzi, nagona chagada, napingasa manja pachifuwa, natulutsa lilime. Chibwenzi chake chinamujambula ndi foni, chikuseka mpaka kugwira m'mimba. Atatuluka, mtsikanayo naye analowa.

Ba Elesi anakwera masitepe malovu atadzaza m'kamwa. Anafuna polavulira, napeza paliponse pali anthu, nameza.

“Ba Kostas, bene bake ba manda aya bali kuti?”

“Mafupa? Banachosamo kudala. Yenangu yali mu nyumba yoonetsela vinthu vyakale, mu magalasi.”

“Banafukula bantu, manje balipilitsa kuti tione maenje?”

Kostas anaseka. “Ni vyakudala, ba Elesi. Palibe wamene abaziba.”

“Ku Chingwere kwatu kwamene tiika maliro, munthu akagone mu manda ya bene kuti bamukope, angafike ku geti na mutu?”

Kostas anasekanso, nati iye ndi madamu atsikira kumunsi kukaona bwalo lamasewero lakale, kumene mpando sungafike. Abwera posachedwa. Anapita atagwirana manja.

Dzuwa linali paliwombo. Panalibe mtengo, panalibe benchi. Mkulu Stavros sankaona kutentha. Analoza ndi dzanja lake lamoyo chitunda china chakufupi ndi madzi.

“Iwe Elesi, ona. Paja. Mbuzi zanga paja. Kulibe geti, kulibe tikiti. Mvula ikabwela, ine na mbuzi tilowa mu manda. Mama abwela na mkate, aitana, Stavro! Stavro!”

Anayesa kuitana monga ankaitanira amayi ake, mawu n'kuthera pakhosi. Anakamba zambiri, Chinyanja chikusakanizika ndi Chigiriki mpaka ba Elesi osatolapo kanthu. Kenaka anaweramitsa mutu, makutu atafiira. Ba Elesi anadziwa fungo lisanafike n'komwe. Chakudya chachilendo chija chinali chitamutsegula m'mimba, ndipo thewera silinakwanitse. Zinatsikira m'mwendo wa buluku mpaka pa nsapato.

“Osadandaula, badala. Tizakonza manje manje.”

Zimbudzi zinali kuchipata, kutali, njira yake yokwera. Mkuluyo milomo inali itauma, mutu ukugwera kumbali. Mthunzi wapafupi unali umodzi wokha, pansi pa denga lija la zithunzi. Ba Elesi anakankha mpando mpaka kumeneko. Anthu anali atadzaza pa kanjira kamatabwa, choncho iwo anakweza chingwe, nalowetsa mpando pakona pamene panali mthunzi wabwino.

Wezulo inalira ngati kwagwidwa mbala. Mlonda wa yunifolomu anabwera akuthamanga, akukalipa, chala chikuloza pansi. Sanayang'ane nkhope ya mkuluyo. Ankaloza tayala, limene linali litaponda m'mphepete mwa timiyala tija. Stavros anadzutsa mutu namuyankha m'Chigiriki, misozi ikutsika. Mlondayo anamva fungo, nabwerera m'mbuyo, nagwira mphuno, koma chala chili cholozabe tayala. Anthu amene ankajambula amaliseche a pansi aja anapatuka, ena akukupiza zipewa pamphuno. Bambo wina wamimba yaikulu anatembenuza foni yake n'kuyamba kujambula mkuluyo.

Ba Elesi anamuyang'ana bamboyo mpaka anatsitsa foni. Anabweza mpando chafutambuyo, naukankhira kuseri kwa khoma lina logumuka limene linkafika m'chiuno. Anamanga chitenje ku mpando ndi ku mwala kuti chitchinge. Chapafupi panali kampopi kothiririra maluwa, ndipo chotungira chimene anali nacho chinali kabotolo ka ba Mainess. Anapita n'kubwera, kupita n'kubwera, akutunga madzi a m'kabotolo, mpaka anamusambitsa mkuluyo, namuveka thewera lina, namufunditsa jekete m'miyendo. Buluku analitsukuluza nalikulunga m'pulasitiki. Madzi otsala anamupukuta nawo kumaso. Kabotoloko anakataya m'bini.

Kostas ndi madamu anabwera ali ndi ayisikilimu m'manja. Ataona chitenje ndi pulasitiki, anaima patali. Madamu anauza mwamuna wake m'Chingerezi, chimene ba Elesi amachimva bwino ngakhale sachilankhula kawirikawiri, kuti waona tsopano, n'chifukwa chake zimene anakonza zija n'zoyenera, ndipo awauze ba Elesi lero lomwe.

Kostas anawakodola ba Elesi. Anapita nawo pafupi ndi mzati wina wothyoka, kumene bambo ake sakanamva.

“Ba Elesi, mvelani. Badala sibazabwelela ku Lusaka. Kuli nyumba yosungila nkhalamba kuno, yabwino maningi, ili na manesi. Tinakonza kudala. Mawa tizabapeleka.”

“Beve baziba?”

“Awe. Bangakane kukwela ndeke. Ndiye chifukwa tinakutengani, kuti bayende na mtima umozi.” Ananyambita ayisikilimu imene inkamuyenderera pachala. “Imwe bamakumvelani. Mubauze ati ni chipatala, bazankhalako chabe masiku yang'ono.”

Ba Elesi anayang'ana lilime lake likutsata ayisikilimu pachala, nayang'ana denga lija lotchinga timiyala, mlonda atagwada pansi akupukuta ndi kansalu pamene panaponda tayala.

“Ba Kostas, ine nabasambika batate banu zaka zonse izi, sininamvelepo nseru. Lelo naimvela. Boza yanu mukanene mweka.”

“Simuziba mwamene vilili ku nyumba. Madamu walema.”

“Walema na chani? Na kupopela?”

Kostas anawafulatira. Anapita kukatenga galimoto. Pobwerera, mkulu Stavros anali atatsitsimuka, akuyang'ana nyanja pawindo. Anati mawa abwerenso, akafike pa chitunda cha mbuzi chija. Ba Elesi anatsegula pakamwa kawiri konse kuti amuuze, koma pasipoti yawo inali m'chikwama cha madamu, ndipo njira ya ku Kalingalinga kuchokera pa chilumba chimenecho sankaidziwa. Anakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kunawanyansa ngati kuti ameza ntchentche.

Nyumba ya nkhalamba ija, kumene anapita naye m'mawa mwake, inali yoyera mbee, yonunkha mankhwala opukutira pansi. M'chipinda chachikulu anali atandandalika okalamba pamipando, onse atayang'ana wailesi yakanema imene palibe ankaionera. Kostas anauza bambo ake kuti ndi kuchipatala, adokotala angowayeza. Nesi amene anawalandira anali mtsikana wochokera dziko lina lakutali, wamaso otopa koma waulemu. Ba Elesi anamukokera pambali namuonetsa ndi manja ndi Chingerezi chawo chochepa: phala likhale lamadzi apo ayi amatsamwa, pomutembenuza muyambe ndi phewa lakufa, akatukwana musamuope.

Mkuluyo anazindikira ataona sutikesi yake yonse ikulowetsedwa m'kabati. Anayang'ana mwana wake nayamba kukalipa m'Chigiriki, malovu akuthovoka. Kostas anatuluka, akuti akukasaina mapepala. Madamu anali atatsala m'galimoto. Ndiye mkuluyo anatembenukira kwa ba Elesi.

“Iwe. Iwe unaziba.”

“Ninaziba dzulo, badala.”

“Dzulo. Ndipo iwe zii.” Anayesa kuwalavulira, koma mlomo wakufawo sunathe, malovu anangogwera pa jekete lake. Ba Elesi anatenga kansalu nawapukuta. Iye anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sanaibwezenso mpaka iwo anatuluka.

M'ndege yobwerera madamu anali wokoma mtima modabwitsa. Anati ba Elesi asadandaule za ntchito, abwerera ku zochapa ndi kusita, ndipo chipinda cha mkulu chija akachikolope bwino chifukwa akufuna kuikamo makina olimbitsira thupi. Ba Elesi anangoti amva. Atatera mu Lusaka analandira pasipoti yawo, nakwera minibasi, ndipo pa geti la ku Kabulonga sanapondeponso. Kostas anatuma munthu kawiri. Iwo anati akamuuze kuti akudwala m'mimba.

Amayi a Chigwirizano anawadikira ndi mafunso ambiri. Ba Elesi anangoti, “Ni vibwinja chabe, na bakiti,” kunena amphaka aja. Ba Mainess anakhumudwa kwa masabata angapo, mpaka tsiku lina ba Elesi anawakhazika pakhonde nawafotokozera zonse. Kuyambira pamenepo ba Mainess ndi amene amaletsa anthu kufunsa.

Anayamba kukazinga vitumbuwa m'mawa n'kumagulitsa kwa akalipentala ndi owotcherera. Malonda anayenda, poti aliyense ankadziwa kuti mafuta a ba Elesi sagona m'chiwaya. Tiwo, amene tsopano amasoka zovala ku msika wa Mtendere, ankawathandiza pa zina.

Mvula itayamba kugwa chaka chomwecho, kunabwera Kasoma, wosamalira maluwa ku Kabulonga kuja. Anakhala pa mpando, navula chipewa, nanena kuti mkulu Stavros anamwalira sabata yatha. Anaikidwa konko ku Kupro. Kostas anapita yekha, nabwerako msanga chifukwa cha ntchito za ku bekari. Kunyumba sikunakhale maliro, ndipo antchito anamva nkhaniyi kwa dalaivala.

Ba Elesi anatulutsa mipando panja, nayala mphasa m'nyumba, natuma Tiwo kukauza amayi a mpingo kuti pano pali maliro. Anthu oyandikana nawo anaseka. Maliro a mzungu mu Kalingalinga, opanda mtembo, opanda wachibale? Ena anati ulendo wa ndege unawasokoneza mutu. Komabe amayi a Chigwirizano anabwera ndi mayunifolomu awo, nayimba masana onse. Kasoma anafalitsa uthenga, ndipo kunabwera madala anayi kapena asanu amene anagwirapo ntchito mu bekari zaka zakale, ena ochokera ku Matero, wina ku Chawama.

Pa nthawi ya chakudya mmodzi wa madalawo, ba Chola, amene dzanja lawo lili ndi chipsera cha uvuni, anayamba kukamba mokweza kuti asanamizane, Stavros anali munthu woipa mtima. Anawamenyapo ndi thireyi ya buledi pamaso pa anthu. Anzawo anavomereza, aliyense ndi nkhani yake, mpaka pamaliropo panayamba kumveka kuseka.

Ba Mainess anafuna kuwaletsa, koma ba Elesi anati awasiye.

“Ni zoona, ba Chola. Ine ananitukwana mpaka siku yomaliza.”

“Nanga mulilila chani?”

“Munthu akafa bantu bamankhala pansi. Idyani, ndiwo zizazizila.”

Ba Chola anatambasula dzanja kuti atenge mbale. Ba Elesi anaona zikhadabo zawo, nabweza mbaleyo, nawalozera beseni ndi sopo.